Chaka chimene ndinaphwanya njerwa za a Muhiwa

Ana inu, senderani kuno kumthunzi, mtedzawu sudziswa wokha. Iwe Tadala, foniyo ika m'thumba, wakhala ukuisisita chifikireni ngati mwana wodwala malungo. Yamikani ukhale apa pamene ndikukuona, chifukwa iwe ndikangocheuka mtedza umalowera kukamwa m'malo mwa m'lichero.

Dzulo ndinakumvani kuseri kwa khola mukukangana. Wina ananena kuti, "Ine munthu akandiputa ndimabweza pompo." Sinditchula dzina, koma mwini mawuwo ali pano ndipo akuyang'ana zala zakuphazi. Mawu amenewo ndikuwadziwa bwino chifukwa anali anga. Ndiye lero ndikuuzani za munthu amene ndinamukayikira kuposa wina aliyense m'moyo mwanga, ndi zimene ndinamuchita.

Inu mumangondidziwa ngati wa kuno ku Lirangwe, koma ine kwathu ndi kwa Kuntaja, mbali ya ku Chileka. Tili ana tinalibe wotchi, nthawi tinkaidziwira pa ndege. Ikadutsa ya m'mawa, mbuzi zituluke. Ikatera ya masana, amayi ayamba kutiitana. Nditakula pang'ono ndinkagwira maganyu otchetcha udzu ndi chikwakwa pafupi ndi bwalo la ndege la ku Chileka, ndipo manja angawa anauma kuyambira nthawi imeneyo. Ndinali wamphamvu, ndinalinso wa mtima wapachala. Munthu akandiyang'ana nthawi yaitali ndinkamufunsa kuti wataya chiyani pankhope panga.

Anganga anu, a Nangondo, ndinakumana nawo pamsika wa Lirangwe akugulitsa tomato. Masiku amenewo kunalibe za njinga zamoto zimene mumakwera inu ngakhale popita kuchigayo. Ndinkapalasa njinga yobwereka kuchokera ku Chileka, unyolo ukutuluka kasanu panjira, ndifike kuno manja ali bii ndi mafuta, ndisambe kumtsinje kenako ndikadzionetse ngati ndangotulukira pakona. Musaseke, pakadapanda unyolo umenewo bwenzi inu kulibe. Titakwatirana ndinabwera kudzakhala kuno kuchikamwini.

Mkamwini, ana inu, amalima kwambiri koma amalankhula pang'ono. Pabwalo amuna akamakambirana, iwe umakhala kumapeto kwa mpando. Ukanena mawu, amadikira umalize, kenako amapitiriza pamene anasiyira ngati panangodutsa mphepo. Zimenezi zinkandiwawa. Ndinkafuna tsiku lina ndidzalankhule anthu onse atembenuke. Makamaka alamu anga a Dinesi, achimwene awo a anganga anu, amene mawu awo ankamveka kuposa a onse.

Kumunsi kwa munda wathu, cha kudambo, kunkakhala a Muhiwa ndi akazi awo a Esinati. Agogo awo a Muhiwa anachokera ku Mozambiki wapansi, nakakhala ku minda ya tiyi, ndipo a Muhiwa eni ake anafika kuno ali mnyamata, kutsatira ntchito ya njanji. Njanji itawasiya anayamba kuumba njerwa. Anali munthu wamfupi, wa mapewa otambalala, woyenda pang'onopang'ono. Tinkapemphera tchalitchi chimodzi, iwo ankakhala kumbuyo pafupi ndi khomo. Sankamwa, sankakangana, moni ankapereka kwa aliyense mpaka ana.

Mukuganiza kuti munthu wotere tinkamukonda? Ayi ndithu. Tinkamuopa. Tsiku lina mbuzi za a Dinesi zinalowa pamene anayanika njerwa zaziwisi, n'kuponda mzere wonse. A Muhiwa anazikusa bwinobwino, kukazisiya kukhola kwa mwini wake, n'kunena kuti, "A Dinesi, chingwe chija chaduka," basi n'kubwerera kukaponda dothi. Ife tinayang'anizana. A Dinesi anati, "Munthu amene sakwiya chonchi ali ndi chimene amadalira. Ameneyu amabwezera kwina kumene ife sitiona." Kuyambira pamenepo nkhuku ikafa, mwana akatentha thupi, maso ankapita kudambo. Ine ndinali patsogolo pokayikira. Akandipatsa moni ndinkaganiza kuti akundiyeza. Akapanda kundiona ndinkaganiza kuti akundizemba.

Kenako kunabwera chaka cha chilala chija, mayi ako iwe Tadala, Elube, ali ndi zaka zinayi. Mvula inayamba bwino, tinabzala, tinapalira, tinabandira. Chimanga chitangoyamba kumasula, kumwamba kunatseka. Mitambo inkabwera ndithu, yakuda, kuchokera cha ku Michiru. Inkaima pamwamba pathu mpaka nkhuku kulowa m'khola, kenako kamphepo n'kuibalalitsa. Sabata, masabata awiri, atatu. Masamba a chimanga anapindika ngati a anyezi.

Apa ndi pamene anthu anaona kuti a Muhiwa ayambanso kuumba. Inu mukudziwa kuti njerwa siziumbidwa dzinja, mvula ingazisungunule. Lero ndikamaganiza ndimaona kuti munthu uja anangoyang'ana kumwamba ngati wina aliyense, n'kuona kuti kwauma, n'kuti bola ndigwire ntchito kusiyana n'kukhala ndikulira. Koma nthawi imeneyo tinafunsana kuti, wadziwa bwanji kuti sigwa? Ndani angaumbe mwezi umenewu ngati sanaimange yekha mvulayo?

Mmawa wina ndikuchokera kumunda ndinawaona ataima pakati pa njerwa zawo, akuyang'ana mitambo, dzanja limodzi ali atakweza m'mwamba. Zimene ndinaona ndi zokhazo. Koma madzulo ake pabwalo, amuna akudandaula, ine ndinatsokomola n'kunena kuti, "Ine ndawaona ndi maso angawa akupitikitsa mitambo ndi dzanja. Anachita katatu, mitambo n'kugawikana." Anthu onse anatembenuka. A Dinesi anasendera, nati, "Alamu, bwerani mukhale pano, munenenso bwinobwino." Ndinanenanso, ndipo ulendo wachiwiri ndinawonjezera kuti pakamwa pawo pankagwedera. Mpando umene ndinkaufuna uja ndinaupeza tsiku limenelo.

Kutacha tinatsetserekera kudambo kwa a Muhiwa amuna asanu ndi awiri. Tinawapeza akuponda dothi m'dzenje, miyendo ili matope mpaka m'mawondo. Sitinapereke moni. Tinayamba kuponda njerwa zaziwisi, mzere ndi mzere, kenako tinakankha uvuni umene anali atayamba kusanja. A Esinati anatuluka akulira, akutitchula mayina mmodzimmodzi. A Muhiwa anangoti, "Esinati, lowa m'nyumba." Iwo anatuluka m'dzenje muja n'kuima pambali. Ine ndikukankha khoma la uvuni ndinamva akuti, "Bambo a Elube, chokani mbali imeneyo, ikugwerani." Ndinadumpha, khoma n'kugwa pamene ndinaima. M'malo moti ndithokoze ndinakuwa kuti, "Mwamva? Amafuna kundigwetsera!" Ndinatola chikombole chawo choumbira njerwa, chathabwa lakale losalala, n'kuchimenyetsa pamwala mpaka chinagawika. A Muhiwa anawerama, natola zidutswazo, nazipukuta matope ndi malaya awo. Ife tinabwerera tikuyang'ana m'mbuyo, chifukwa chete wawo anatiopsa kuposa akanatitukwana.

Tsopano imvani chimene chinandisokoneza kwa nthawi yaitali. Patapita masiku awiri mvula inawaza. Inangonyowetsa fumbi, koma inawaza. Mudzi wonse unati, "Mwaona!" A Dinesi ananditengera kumsika wa Lirangwe kukandigulira tiyi ndi sikono, akundionetsa kwa anthu kuti, "Mlamu wanga uyu ndi amene anamugwira womanga mvula uja." Ine ndinayenda chifuwa chili patsogolo. Koma mvula sinabwerenso. Chimanga chinauma chili chiimire. Tinati ndiye kuti waimanganso mwaukali chifukwa tamukwiyitsa. Mwaona mmene zimakhalira? Ikagwa, ndi iyeyo. Ikapanda kugwa, ndi iyeyonso. Panalibe chimene munthu uja akanachita kuti tinene kuti tinalakwitsa.

Njala yeniyeni inu simuidziwa. Iwe Yamikani umakana therere, umati limakutererera pakhosi. Ife chaka chimenecho tinadya madeya, atatha tinaphika mango aawisi, tinasinja malambe n'kumwa ngati phala. Anthu ankakumba zitsa za nthochi. Chimanga chachikasu chochokera kunja chinkabwera mwa apo ndi apo, ndipo unkaima pamzere kuyambira mmawa mpaka dzuwa kupendeka, mwina n'kubwerera chimanjamanja. Ine ndinapita wapansi mpaka kwathu ku Chileka kukapempha kwa abale, ndinapeza nawonso akuyang'ana ine. Elube anasiya kusewera. Ankangokhala pakhonde, tsitsi likufiira, mapazi atayamba kutupa. Ukadina chala paphazi pake, dzenje linkatsala.

A Muhiwa okha ndi amene utsi unkafuka pakhomo pawo tsiku lililonse. Iwo sankadalira chimanga chokha ngati ife. M'mphepete mwa munda ankabzala chinangwa, mapira ndi kalongonda, ndipo anali ndi makaka, chinangwa chouma chija, m'matumba. Ankatero chaka chilichonse, ife tikuwaseka kuti ndi zakudya za kwawo. Koma chaka chimenecho tinati, anasungiratu chifukwa ankadziwa.

Masana ena ndili pakhonde ndinaona a Esinati akubwera ndi bakuli lovindikira pamutu. Anagwada patali, nati, "Odi, bambo a Elube. Bambo akwathu akuti mwanayu alaweko." Anganga anu analandira n'kuvundukula. Munali kalongonda ndi makaka ophika. Kalongonda inu mumangomuona pamsika wophikaphika, simudziwa kuti ndi nyemba zoopsa. Amaziphika tsiku lathunthu, kutaya madzi, kuthira ena, kutayanso. Akaphika wosadziwa, munthu amachita chizungulire, amabwebweta, mwina osadzukanso. Ine ndinaganiza pompo kuti nayi njira yake. Mwana akafa adzati anangolakwitsa kuphika.

A Esinati atachoka ndinalanda bakulilo m'manja mwa anganga anu, Elube akulira, n'kukhuthulira galu. Ndinakhala ndikumuyang'anitsitsa galu uja. Anadya zonse, ananyambita pansi, napita kukagona pansi pa nkhokwe osagwedezeka. Ndinati, "Mwaona? Akufa ameneyo." Anganga anu anati, "Wakhuta." Madzulo galu anadzuka akugwedeza mchira, koma ine ndinati mankhwala ena sagwira nyama, amagwira amene anatchulidwa dzina. Ndinalamula kuti chochokera kudambo chisadzalowenso pakhomo panga. Bakuli litabweranso kachiwiri ndinalibweza losavundukula.

Patapita masiku ndinayamba kuona zachilendo. Dzuwa likafika pamutu, anganga anu ankatenga ndowa, kubereka Elube ngakhale anali wamkulu, n'kumati akupita kuchitsime. Ankachedwa. Ndikafunsa ankati, "Mzere unali wautali, madzi akuvuta." Koma ndowa nthawi zina inkabwera yosadzaza. Elube anayambanso kuthamangitsa nkhuku. Munthu wanzeru akanakondwera. Ine ndinayamba kuwerenga amuna a m'mudzi amene anali ndi chakudya, ndikudzifunsa kuti ndani akudyetsa mkazi wanga, ndipo akumulipira chiyani. Ndinkayang'ana chitenje chawo, ndinkayang'ana mapazi awo kuti fumbi lake ndi la njira iti. Anganga anu ali m'nyumbamo akumva, akanafuna akanatuluka kudzanditsutsa.

Tsiku lina ndinawatsatira. Ndinatenga chikwanje ngati ndikupita kukadula mitengo. Ndinkabisala kuseri kwa zulu, munthu wamkulu ndi ndevu zanga. Anadutsa njira ya kuchitsime osakhota, natsetsereka kudambo, nalowa pakhomo pa a Muhiwa. Mutu wanga unatentha. Ndinadikira pang'ono kenako ndinatulukira mothamanga.

Ndinapeza Elube atakhala pamphasa pakati pa ana a Muhiwa, manja onse awiri ali m'mbale. Anganga anu anali pambali ndi a Esinati akusenda makaka. A Muhiwa anali pansi pa mtengo akusema thabwa. Onse anandiyang'ana, anayang'ananso chikwanje.

Ndinati, "Nangondo, tenga mwana tizipita."

Anganga anu sanadzuke. Mkazi amene sanandiyankhepo mokweza chikwatirane anati, "Bambo a Elube, ngati mukufuna kufa ndi ulemu wanu, ifani nokha. Mwana wanga ayi. Wakhala akudya pano masabata awiri. Muyang'aneni mapaziwo."

Ndinayang'ana. Kutupa kuja kunali kutaphwa.

A Muhiwa anaika thabwa pansi nati, "Takulandirani, bambo a Elube. Chikwanjecho tsamiritsani pamtengopo, ana angadzicheke. Esinati, apatse mpando alendo." A Esinati anabweretsa mpando nkhope ili kumbali, sanandipatse moni, ndipo sindikuwada. Kenako anabweretsa mbale. A Muhiwa anasamba, natapa kalongonda m'mbale momwemo, nadya pang'onopang'ono ndikuona, nakankhira mbaleyo kwa ine.

Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinadya chifukwa mtima wanga unasintha. Likanakhala bodza. Ndinadya chifukwa ndinali ndi masiku awiri osaika kanthu m'mimba, ndipo fungo lija linandigonjetsa. Ndinkatapa mbali imene iwo atapa. Nditamaliza ndinanyamuka osathokoza, ndinakafika kunyumba n'kugona chagada pakhonde kudikira imfa. M'mimba mukalira ndinkati yayamba. Chala chikachita dzanzi ndinkati yafika. Anganga anu anandidutsa ndi ndowa nati, "Mukamwalira mundiuze, ndikufuna mphasayo." Kutacha ndinadzuka wamoyo, ndili ndi njala ina.

Ndinatsetserekanso ndekha. Ndinawapeza akusalaza thabwa lija. Sindinapite kukapepesa, ndinapita kukafufuza. Ndinati, "A Muhiwa, tandiuzani zoona. Mukufuna chiyani kwa ine?"

Anati, "Palibe."

"Munthu sangadyetse mwana wa amene anamuphwanyira ntchito popanda chifukwa."

"Elube sanaphwanye njerwa."

"Nanga ine?"

"Inu munali ndi njala."

Kenako ndinafunsa za dzanja limene anakweza kumitambo lija. Anaseka pang'ono, koyamba kuwaona akuseka. "Ndinkamva mphepo kuti ikuchokera kuti, ndidziwe ngati ndifunditse njerwa udzu. Mukanandifunsa tsiku lomwelo ndikanakuuzani. Ine chimanga changanso chinauma, simunachione?" Ndinali ndisanachione, chifukwa sindinayang'aneko.

Ndinati, "Ndiye inuyo simukwiya? Munapangidwa ndi chiyani?"

Anasiya kusema. "Ndani anakuuzani kuti sindikwiya? Tsiku lija mutachoka ndinapita kuseri kwa nyumba ndinakasanza. Masiku atatu chakudya chinkandikanika. Chikombole chija anandisiyira bambo anga. Pamene munkachimenyetsa pamwala, khasu linali pafupi ndi phazi langa, ndipo khosi lanu ndinkaliona bwinobwino."

Iwo anapitiriza ngati akunena za mitengo ya mbewu.

"Mkwiyo umabwera wokha, bambo a Elube, sugogoda. Umenewo sindingauletse. Mvula sindingailamule, pakamwa panu sindingapatseke, zimene anthu akuganiza za ine zili m'mitu mwawo. Koma manja awa ndi anga. Chimene achite ndimasankha ndine. Ndikanakutemani, inu mukanakhala kuti mwandiphwanyira njerwa, mwandiphwanyanso ine."

Ndinafunsa kuti zimenezi anaziphunzira kutchalitchi kapena kuti. Anapukusa mutu. "Kunyumba. Bambo anga akakwapulidwa ndi kapitawo kumunda wa tiyi, ankabwera kudzakwapula amayi. Amayi ankamenya ife. Ife tinkapita kukagenda agalu. Ndili mwana ndinaona kuti chikoti chimodzi chija chikuyenda mudzi wonse. Ndinati chikadzafika pa ine chidzathere pomwepo. Sikuti ndimatha nthawi zonse. Funsani Esinati."

Apa ndi pamene manyazi anandigwira. Ndinagwada pafumbi paja, ndinati, "Ndikhululukireni, ndinanama. Ndinangoona dzanja, zinazo ndinawonjezera."

Ndinkayembekeza kuti andidzutsa n'kunena kuti zatha. Sanatero. Anati, "Ine ndilibe nanu mlandu. Koma si ine amene munandinamiza, ine ndinkadziwa kale kuti sindimanga mvula. Munanamiza anthu aja. Mkazi wanga akafika pachitsime amayi amachotsa ndowa zawo. Ana anga kusukulu amakhala okha. Ngati mukufuna kukonza, pitani kumene munakanena."

Zimenezo zinali zolemera kuposa kugwada. Ndinazengereza sabata yathunthu. Lamulungu lotsatira, mapemphero atatha anthu ali panja, ndinaima pachitsa n'kunena zonse. Ndinati ndinanama chifukwa ndinkafuna kumvedwa. Ndinati mwana wanga ali moyo chifukwa cha chakudya cha pakhomo limene tinaliphwanyira. Ndinkaganiza kuti anthu achita manyazi ngati ine. Ena anawerama ndithu. Koma ndinamva mayi wina kumbuyo akunong'ona kuti, "Amudyetsa." Mawu amenewo anayenda msanga kuposa anga. Pofika madzulo mudzi wonse unkadziwa kuti mkamwini wa kwa a Dinesi anadya za kudambo ndipo mutu wake wasandulizidwa.

Ndiye ndinalawa zimene ndinaphikira mnzanga. Ndikamadutsa, amayi ankakokera ana awo m'nyumba. Ndikapereka moni, munthu ankayankha akuyang'ana manja anga. Ndikakhala chete, ankati waona, wayamba kufanana naye. Ndikalankhula, ankati si iyeyo akulankhula. Pabwalo ndinabwerera kumapeto kwa mpando, ndipo tsopano pambali panga pankatsala malo. Popeza ganyu kwina sankandipatsa, ndinayamba kutsetsereka mmawa uliwonse kukaponda dothi ndi a Muhiwa, kubweza njerwa zimene tinaswa. Zimenezonso zinakhala umboni.

Tsiku lina la msika ndinapita kumsika wa Lirangwe kukagula mpini wa khasu. Ndinasankha wa mtengo wolimba, wolemera kumutu. Ndikutuluka pakati pa ogulitsa ndinakumana ndi a Dinesi ali ndi anzawo. Anaima kutsogolo kwanga nati mokweza, "Uyu ndi amene watichititsa manyazi. Unatitsogolera wekha, lero ukuti tinali zitsiru? Wagulitsa mlongo wanga ndi mbale ya nyemba, galu iwe." Ndinati, "Alamu, tikakambirane kunyumba." Sanadikire. Anandimenya mbama ina yoti khutu linalira, mlomo n'kung'ambikira pa dzino. Msika unaima. Anthu anapanga bwalo, ena akukuwa kuti, "Mubwezere!"

Ana inu, a Dinesi anali munthu wowonda, njala inali itawadya ngati tonse. Mpini unali m'dzanja langa lamanja. Ndinkaona pamene ndingamenye, pamwamba pa khutu, ndipo ndinkadziwa kuti sakanadzukanso. Dzanja linayamba kukwera lokha. Ndinalimva likukwera. M'maso munachita mdima. Ndinaligwira ndi dzanja linalo, ndinatsitsa mpini mpaka unagunda pansi, n'kuutsamira ngati nkhalamba. Anthu ankaganiza kuti ndi mantha. Ndinalavula magazi, ndinati, "Mwamaliza, alamu? Ndikufuna kudutsa." Anandiyang'ana, ndipo ndinaona m'maso mwawo mantha amene ife tinali nawo tsiku la njerwa lija. Anapatuka. Kumbuyo ndinamva wina akuti, "Amudyetsadi."

A Dinesi anamwalira patapita zaka zambiri akukhulupirirabe zomwezo. Tinkalima moyandikana, ndinanyamula nawo maliro awo, koma chakudya cha pakhomo panga sanadyenso. Ena anasintha pang'onopang'ono, makamaka mvula itabwerera chaka chotsatira a Muhiwa akuumbabe, ndipo ambiri anakapempha mbewu ya chinangwa kudambo komweko, mwakachetechete, aliyense payekha. Bodza ndinalinena madzulo amodzi, koma sindinathe kulitolera lonse mpaka lero.

Koma tsiku la mbamalo sindinapite kunyumba. Ndinalunjika kudambo mlomo uli chotupa, magazi ali pamalaya. Ndinali wonyada, ana inu, ndinkafuna andiyamikire. Ndinawapeza a Muhiwa ali m'dzenje. Ndinafotokoza zonse, mmene dzanja linakwerera, mmene ndinaligwirira, mmene anthu anakuwira. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Anatuluka, anandigwira chibwano, natembenuza nkhope yanga kuyang'ana bala, nati, "Esinati akupatsani madzi a mchere muchukuche."

Ndinati, "Basi? Simunena kanthu?"

Anati, "Lero mwatha. Koma musadzikhulupirire kwambiri. Mawa mudzuka ndi mtima womwewo, sunapite kulikonse. Ine wanga ndimayamba nawo mmawa uliwonse ngati sindinaugwirepo." Kenako analowanso m'dzenje nati, "Tengani ndowa, dothi likuuma."

Ndinatenga ndowa. Anali kunena zoona munthu uja. Mano atha m'kamwa muno, maso akuchita nkhungu, koma mtima uja ulipobe, ndipo lero mmawa ndayamba nawonso.